Pumbwa ndi changa: mafunso ndi mayankho pa za magulu awo ndi chitetezo chawo mu Lusaka

Mafunsowa amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ana a sukulu, aphunzitsi a sayansi, ndi eni mapuloti a kum'mawa ndi kumwera kwa mzinda, kumene mitengo yachilengedwe idakalipo. Tayamba ndi osavuta.

Kodi mukunena pumbwa uti ndi changa uti?

Pumbwa ndi mbalame ija ya mutu wakuda, msana wotuwa moderapo, ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 20, ndipo kulemera kwake kumakhala cha m'magalamu 40. Ndi imodzi mwa mbalame zoyamba kulira mbandakucha, kaya ndi ku Kabulonga kapena ku Matero, bola pakhale mtengo wa gwafa kapena mabulosi pafupi. Dzina lake la sayansi ndi Pycnonotus tricolor.

Changa amene tikunena ndi wamkulu uja wa mchira wamanyenje, Otolemur crassicaudatus. Amalemera kilogalamu imodzi kapena kuposerapo, ali ndi makutu aakulu amene amatha kuwapinda, ndipo amayenda usiku wokha. Mng'ono wake kamundi tamufotokoza pa funso lake m'munsimu.

Kodi ziwirizi zili pachibale?

Zilipo, koma ubale wake ndi wakutali kwambiri. Asayansi amasanja zamoyo m'magulu okhala ngati makwerero, kuchokera ku gulu lalikulu kutsikira ku laling'ono, ndipo chamoyo chilichonse chimapatsidwa dzina la mawu awiri, njira imene Carl Linnaeus anaikhazikitsa pa zinyama mu 1758. Pumbwa ndi changa amayendera limodzi pa makwerero awiri oyamba: onse ali mu Animalia, onse ali mu Chordata chifukwa ali ndi fupa la msana. Pa khwerero lachitatu njira zimapatukana. Pumbwa amalowa mu Aves, gulu la za nthenga ndi mazira, kenako Passeriformes, banja la Pycnonotidae. Changa amalowa mu Mammalia, gulu la zoyamwitsa, kenako Primates, banja la Galagidae.

Makolo a mbalame ndi makolo a zoyamwitsa anasiyana zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo. Ana a sukulu amasokonezeka poona kuti zonse zili ndi thupi lofunda ndi mtima wa zipinda zinayi, n'kumaganiza kuti izi zinachokera kwa kholo limodzi. Ayi, mbali iliyonse inazipeza payokha. Pumbwa ali pafupi kwambiri ndi ng'ona kusiyana ndi changa, ndipo changa ali pafupi kwambiri ndi inu amene mukuwerenga kusiyana ndi pumbwa.

Changa si mtundu wa gologolo kapena khoswe?

Mchira ndi umene umanyenga anthu. Gologolo ali m'gulu la Rodentia pamodzi ndi mbewa ndi khoswe: ali ndi mano akutsogolo awiri m'mwamba ndi awiri m'munsi amene amakula moyo wake wonse, ndipo zala zake zili ndi zikhadabo zakuthwa. Changa ali m'gulu limodzi ndi pusi, nyani ndi munthu. Yang'anani dzanja lake: zala zisanu zogwira nthambi, zikhadabo zophwatalala ngati zathu, kupatula chala chachiwiri cha kuphazi chimene chili ndi chikhadabo chokandira ubweya.

M'kamwa ndiye muli umboni weniweni. Mano asanu ndi limodzi akutsogolo a nsagwada ya m'munsi anagona chopingasa, moyandikana ngati chipeso. Ndi amene amapalira utomoni pa makungwa ndi kupesera ubweya. Chipeso chimenechi, pamodzi ndi mphuno yonyowa, chimaika changa ku nthambi ya Strepsirrhini, komwe kulinso ma lemur a ku Madagascar. Pusi ndi nyani ali ku nthambi ina.

Njiwa nayo imalira bwino. Bwanji siili m'gulu la mbalame zoimba?

Chifukwa gululi silitengera kukoma kwa mawu. Mbalame zimatulutsa mawu ndi chiwalo chotchedwa syrinx, chimene chili pamene kholingo limagawikana kupita ku mapapo awiri. Mbalame zoimba, za gulu la Passeri, zili ndi minofu yambiri yowongolera chiwalochi, ndipo ana ake amaphunzira nyimbo pomvera akuluakulu. Njiwa imabadwa ndi kalilidwe kake. Khwangwala, ndi mawu ake onse aja, ali m'gulu la zoimba, njiwa mulibe.

Gulu lalikulu la Passeriformes, mmene muli pumbwa, lili ndi mitundu yoposa theka la mbalame zonse za padziko. Phazi lake lili ndi zala zitatu kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo, zogwira nthambi molimba.

Buku lina likuti Pycnonotus barbatus, lina Pycnonotus tricolor. Lolondola ndi liti?

Onse awiri ali ndi owatsatira. Ena amaona apumbwa a mbali yaikulu ya Africa ngati mtundu umodzi, barbatus, ndipo wathuyu ngati nthambi yake chabe. Ena amamupatula chifukwa cha chikasu cha kunsi kwa mchira, poti a kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa pamenepo ndi poyera. Kumene mitunduyi imakumana imakwatirana, ndiye mkangano sutha. Pa mayeso kapena mu lipoti, lembani dzina limene lili m'buku lanu ndipo musalisinthe pakati pa ntchito.

Nkhaniyi si ya mayina okha. Mtundu ukagawidwa pawiri, chiwerengero ndi dera lake zimagawikanso, ndipo chidutswa chaching'ono chikhoza kupezeka kuti chili pangozi. Achanga ndi chitsanzo chabwino. Zaka makumi angapo zapitazo mabuku ankatchula mitundu yochepa chabe. Lero ikufika pa 20 kapena kuposa, chifukwa ofufuza atayamba kujambula kalilidwe kawo anapeza kuti nyama zofanana maonekedwe zimalira mosiyana ndipo sizikwatirana. Mtundu wina watsopano unalengezedwa ku Angola mu 2017.

Changa ndi kamundi ndingawasiyanitse bwanji usiku?

Kamundi, Galago moholi, ndi wamng'ono, wa magalamu pafupifupi 200, wokwana m'manja. Amadumpha kuchoka pa thunthu kupita pa thunthu mamita angapo, ndipo mukamuunika maso ake amaoneka apa, kenako apo. Changa amayenda ndi miyendo inayi pamwamba pa nthambi, modekha, ndipo amadumpha pokhapokha pakafunika. Changa amalira mokweza ngati khanda. Kamundi amalira timawu tatifupi tobwerezabwereza. Kamundi amapirira tchire la minga louma ndi mitengo yaing'ono, pamene changa amafuna mitengo ikuluikulu ya zipatso, makamaka ya m'mbali mwa mitsinje.

Ndamva kuti pumbwa ndi changa onse ali pa Least Concern, mlingo wa zamoyo zosadetsa nkhawa. Ndiye kuti palibe chodetsa nkhawa?

N'zoona kuti pa mndandanda woyeza ngozi ya kutha kwa zamoyo wa IUCN (bungwe la padziko lonse losamalira zachilengedwe), umene unayamba mu 1964, onse awiri ali pa mlingo wotsikitsitsa umenewu. Pamwamba pake pali Near Threatened, Vulnerable, Endangered, Critically Endangered, kenako kutheratu. Koma muyenera kudziwa chimene mndandandawu umayeza. Umafunsa funso limodzi: kodi mtundu wonse, padziko lonse, uli pangozi yotha? Kuti nyama ilowe pa Vulnerable, pafunika mwachitsanzo kuti chiwerengero chake chitsike ndi 30 peresenti m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu, kapena kuti dera lake lonse lichepere masikweya kilomita 20,000 pamodzi ndi zizindikiro zina za kuchepa. Changa amapezeka kuyambira kum'mawa kwa Africa mpaka ku South Africa. Atatheratu m'chigawo chonse cha Lusaka, mlingo wake wa padziko lonse mwina sungasunthe n'komwe.

Choncho mawu amodzi omwewo akubisa nkhani ziwiri zosiyana. Pumbwa ndi wosadetsa nkhawa chifukwa munthu akamanga mzinda iye amapindula. Changa ndi wosadetsa nkhawa chifukwa kwina kudakali nkhalango, osati chifukwa pano zinthu zili bwino.

Kuchuluka kwa lero sikutanthauzanso chitetezo cha mawa. M'bale wa pumbwa wa ku Southeast Asia, Pycnonotus zeylanicus, anali wofala m'mbali mwa mitsinje, koma anagwidwa kwambiri pofuna kumuika m'zikwere chifukwa cha nyimbo yake, mpaka mu 2018 anaikidwa pa Critically Endangered.

Nanga n'chifukwa chiyani mzinda ukukomera pumbwa koma osati changa?

Pali zifukwa zitatu zazikulu, ndipo choyamba ndi kayendedwe. Pumbwa akafuna kuchoka pa mtengo wa ku Chalala kupita pa wina kutsidya kwa msewu, amangouluka. Changa amadalira kuti nthambi zikhudzane. Pakakhala mpata waukulu amakakamizika kutsika pansi, ndipo pansi ndi pamene pali agalu ndi magalimoto. Akapeza waya wa magetsi amauyesa nthambi, ndipo akagwira mawaya awiri nthawi imodzi, kapena waya ndi chitsulo cha pa thiransifoma, amapsa. Ofufuza a ku South Africa alemba imfa zambiri za achanga za njira zitatu zomwezi. Khoma lalitali lokhala ndi waya wa magetsi pamwamba, limene lafala m'mapuloti atsopano a ku Ibex Hill ndi New Kasama, kwa pumbwa ndi pokhalira, kwa changa ndi malire.

Chachiwiri ndi chakudya. Pumbwa amadya pafupifupi chilichonse chimene timabzala: mapapaya, magwafa, mabulosi, timadzi ta maluwa, tizilombo, inswa zikatuluka, ngakhale nyenyeswa za pakhonde. Amadyanso zipatso za lantana n'kumwaza mbewu zake, ndipo pamenepa sitingamuyamikire, chifukwa chitsamba chobwerachi chimatsamwitsa zomera zakwathu. Changa nthawi ya mvula amadya zipatso ndi tizilombo, koma m'miyezi yozizira ndi youma, zipatso zikasowa, amadalira utomoni wa mitengo ya minga monga mthethe. Mitengo imeneyi ndi imene mwini puloti amayamba kudula, poti minga imabaya ana ndipo mtengowo "ulibe ntchito". Jakaranda ndi bulugama zimapereka mthunzi, koma changa sapezamo chomudutsitsa mu June ndi July.

Chachitatu ndi kuswana. Pumbwa amaikira mazira awiri kapena atatu, amafungatira pafupifupi milungu iwiri, ndipo anapiye amatuluka m'chisa patatha milungu ina iwiri. Chisa chikapasulidwa amamanganso nyengo yomweyo. Amapirira ngakhale mbalame ya Jacobin cuckoo, imene imaikira dzira lake m'chisa chake kuti amulelere. Changa amatenga bere miyezi inayi ndi theka, amabereka kamodzi pa chaka, kawirikawiri mapasa. Mayi mmodzi akagwidwa ndi galu, chaka chonse chatayika pamodzi ndi ana amene anawasiya pa nthambi.

Makala akulowamo bwanji?

Matumba a makala amene amalowa mu mzinda pa njinga ndi pa malole kudzera mu Great East Road, Great North Road ndi msewu wa Mumbwa amachokera m'nkhalango za miombo. Wootcha amasankha mitengo ikuluikulu yolimba chifukwa makala ake sathera msanga, ndipo imeneyo ndiyo ili ndi mphako ndi nthambi zowirira mmene achanga amagona masana. Chiwerengero chimene chakhala chikutchulidwa kawirikawiri n'chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pa chaka, kuphatikizapo yolambulidwa chifukwa cha ulimi ndi kumanga. Magetsi akamazimazima, monga zinachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, mbaula zimayaka m'nyumba zambiri.

Miombo imaphukanso pa zitsa ngati moto ndi khasu zaisiya. Pumbwa amabwerera m'mphukira zoterezi msanga. Kuti mtengo ufike pokhala ndi mphako pamapita zaka makumi.

Lamulo likuti chiyani?

Zambia Wildlife Act ya 2015 imaika umwini wa nyama zonse zakutchire m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko. Kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu. Oyang'anira lamuloli ndi Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale la Zambia Wildlife Authority (ZAWA) ndipo likulu lake lili ku Chilanga. Mitengo ili pansi pa lamulo lina, Forests Act ya chaka chomwecho.

Pa malonda a pakati pa mayiko, changa ali pa mndandanda wachiwiri (Appendix II) wa pangano la CITES la 1973, monga ziliri nyama zonse za gulu la Primates zimene sizili pa Appendix I. Kumutulutsa m'dziko kumafuna chikalata. Pumbwa wathu sali pa mndandandawu. Pangano lina lothandizana pothana ndi malonda ozembetsa nyama ndi zomera linasainidwa mu mzinda uno mu 1994, ndipo limadziwika kuti Lusaka Agreement.

Malo otetezedwa nawo amasintha. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, inapangidwa kuchokera ku nkhalango za boma. Pamene nkhalango ya Lusaka East, Forest 27, kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana, inachepetsedwa kuyambira mu 2017, ndipo nkhani yake inafika mpaka kukhoti.

Wina akugulitsa mwana wa changa m'mbali mwa msewu. Ndigule kuti ndimupulumutse?

Musagule. Ndalama yanu ndiyo imatumiza wogulitsayo kukagwira wina, ndipo nthawi zambiri mwana amapezeka mtengo utagwetsedwa kapena mayi ataphedwa. Dziwitsani a zanyama zakutchire malo ndi nthawi.

Kupatula lamulo, changa saweteka. Amagona masana n'kudzuka pamene inu mukugona. Amakodzera m'manja ndi m'mapazi mwake n'kumaponda paliponse, ndiye makatani ndi mipando zimanunkha. Akakula amaluma. Wodyetsedwa nthochi, buledi ndi nsima zokha mafupa ake amafooka, chifukwa calcium wambiri amamupeza mu utomoni umene m'nyumba mulibe.

Chikulira ngati khanda mu mtengo usiku. Si zaufiti zimenezi?

Ndi changa akuuza anzake pamene ali ndi pamene pali malire ake. Kulirako kumamveka kutali, ndipo kumachuluka nyengo yokwerana. Maso ofiira amene amawala mukaunika ndi tochi amatero chifukwa cha kachigawo ka kumbuyo kwa diso kobweza kuwala, kamene mphaka ndi ng'ombe nazo zili nako. Mantha a ufiti amenewa aphetsa achanga ndi akadzidzi ambiri ndi legeni.

Ndapeza mwana wagwa pansi. Nditani?

Akakhala mwanapiye wa pumbwa, onani nthenga. Ngati thupi lonse lili ndi nthenga ndipo akudumphadumpha, sanatayike: watuluka m'chisa ndipo makolo akumudyetsa. Mukamva akuluakulu awiri akuchita phokoso pamwamba panu, ndi iwowo. Muikeni pa nthambi ya chitsamba chapafupi, tsekerani mphaka ndi galu m'nyumba, chokanipo. Ngati alibe nthenga, mubwezereni m'chisa. Makolo samukana chifukwa cha fungo la dzanja. Chisa chikakhala kuti chagwa, boolani kachidebe ka pulasitiki kunsi kuti madzi asadikhe, ikanimo udzu wouma, mangirirani pa mtengo womwewo. Musamuthire madzi kukamwa, amalowa m'mapapo.

Akakhala mwana wa changa, dziwani kuti mayi amasiya ana pa nthambi akamafuna chakudya ndipo amabwera kudzawanyamula pakamwa. Mugwireni ndi nsalu, muikeni m'katoni ya mabowo pamodzi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, pamalo amdima ndi opanda phokoso. Dzuwa likalowa ikani katoniyo yotsegula pa nthambi ya mtengo umene munamupezapo, agalu atamangidwa, n'kuyang'anira chapatali. Musamupatse mkaka wa ng'ombe: umamutsegula m'mimba ndipo amafa ndi kutha madzi m'thupi. Mayi akapanda kubwera usiku umenewo, kapena mwanayo akakhala ndi bala, imbirani a ku Chilanga m'mawa. Wolumidwa asambe balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala.

Apumbwa akundithera mapapaya ndi tomato. Ndiwatchere ulimbo?

Ulimbo ndi poizoni sizisankha, zimagwira ndi mbalame zodya mbozi zomwe, ndipo mukapha awiri mawa kubwera ena awiri kuchokera kwa aneba. Thyolani papaya likangoyamba chikasu kunsonga, likapsere m'nyumba. Otsala avekeni matumba a anyezi, kukamwa kwake mutamanga. Pa tomato kungani neti pa mitengo kuti isakhudze zipatso, ya mabowo osalowa chala. Neti yolendewera ya mabowo aakulu imakola mbalame ndi mileme. M'mwezi wa October zina zimajompha tomato chifukwa cha ludzu, ndiye beseni losaya la madzi pamthunzi limachepetsa vutolo. Sinthani madziwo masiku awiri alionse kuti udzudzu usaswane.

Pumbwa ali ndi phindu limene alimi amalidziwa: akaona njoka kapena mphaka amachita phokoso losalekeza pamalo amodzi. Mukamva zimenezo pafupi ndi khola la nkhuku, pitani mukaone mosamala.

Pa puloti yanga ndingachite chiyani chothandiza changa?

Musanalambule, yendani ndi womanga n'kuika chizindikiro pa mitengo yoti itsale: mkuyu, kachere, masuku, mpundu, ndi mitengo ingapo ya minga. Yotsalayo ikhale mu mzere wolumikizana ndi mitengo ya aneba, osati umodzi pakati pa bwalo la simenti. Pomanga, musaunjike dothi kapena kukumba ngalande pansi pa nthambi zake, chifukwa mizu ikadulidwa mtengo umauma patapita chaka kapena ziwiri mwini wake osadziwa chifukwa.

Pamene pali mpata, chingwe chokhuthala kapena mtengo wautali womangidwa pakati pa mitengo iwiri, pamwamba poti galu sangafike ndiponso kutali ndi mawaya, umakhala mlatho. Sadzani nthambi zimene zayandikira mawaya a magetsi, koma ntchito imeneyo itanirani odziwa. Agalu agone motsekeredwa kapena kumbali yopanda mitengo. Changa nthawi zina amadya mazira ndi anapiye, ndiye khola likhale ndi waya wa mabowo aang'ono mpaka kudenga. Musamuikire chakudya pakhonde, amazolowera kutsika.

Ndikufuna kuwawerenga pa ntchito ya kusukulu. Ndiyambe bwanji?

Pa pumbwa, sankhani malo oimapo otalikirana mamita 200, imani mphindi 10 pa malo alionse m'maola awiri oyamba dzuwa litatuluka, lembani amene mwawaona ndi amene mwawamva padera. Cholakwika chofala ndi kuwerenga mbalame imodzi kawiri, poti amayenda awiriawiri ndipo amasinthasintha mitengo. Kukakhala mphepo kapena mvula musawerenge.

Pa changa, yendani pang'onopang'ono, pafupifupi kilomita imodzi pa ola, m'maola awiri kapena atatu oyamba mdima utagwa. Tochi ikhale pamphumi kapena pafupi ndi diso lanu; mukaigwirira m'chiuno kuwala kobwerera sikufika m'maso mwanu ndipo mudutsa nyama osaiona. Mukamupeza musamuunike kumaso nthawi yaitali. Jambulani kulira kwake pa foni, chifukwa monga tanenera pa funso la mayina, mawu ndiwo amatsimikiza mtundu. Yendani awiri kapena atatu, mwini malo atalola, ndipo m'paki musalowe usiku popanda chilolezo.

Bwerezani njira yomweyo m'nyengo yamvula ndi m'chilimwe, ndipo lembaninso masiku amene simunaone kanthu. Zotsatira za mbalame mukhoza kuziika pa tsamba la pa intaneti la eBird, zithunzi ndi mawu a changa pa tsamba la iNaturalist. Bungwe la BirdWatch Zambia, limene linayamba mu 1969 ngati Zambian Ornithological Society, limakonza maulendo oonera mbalame mmene oyamba kumene amaphunzira kwa odziwa.